Foni si PS5, lekani kubera ana

Lero mundikhululukire, ndakwiya ndipo sindibisa.

Loweruka lapitali mwana wa mlongo wanga anabwera kunyumba nkhope ili khuma, foni ataigwira ndi manja awiri ngati dzira. Mnyamata wa Fomu 3, zaka 16. Miyezi iwiri yathunthu wakhala akusunga tindalama, tina ta ganyu wotsuka galimoto kwa aneba, tina tomwe mayi ake amamupatsa kuti agule chiwaya pa buleki, iye n'kumangomeza malovu anzake akudya. Zonse pamodzi zinakwana K20,000. Ndalama imeneyo anakaipereka kwa mkulu wina wa pabenchi m'tauni muno, awa oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, chifukwa anamuuza kuti amuikira m'foni PS5, makina aja a PlayStation osewerera magemu pa TV. PS5 m'foni, abale anga! Mwana n'kukhulupirira.

Atafika anangoti, "Amalume, taonani, ikungozungulira. Ikuti ikufunafuna PS5 koma siikuipeza." Nditenge foniyo ndione, ndi PS Remote Play. App yaulere. Yaulere! Aliyense amene ali ndi data akhoza kuitenga pa Play Store kapena App Store osalipira ngakhale tambala imodzi. Munthu wamkulu ndevu pepeya watenga chinthu chaulere n'kugulitsa kwa mwana wasukulu pa K20,000, ndipo usiku wagona tulo tabwinobwino.

Ndinamufunsa kuti iwe sunayese kaye usanapereke ndalama? Akuti anayesa, ndipo inkagwira. Anasewera mpira pomwepo pabenchipo, anagoletsa chigoli, anzake awiri akuonerera n'kumakuwa. Apa ndiye mutu wanga unatentha, chifukwa ndinadziwa nthawi yomweyo zimene zinachitika. Mkulu uja ali ndi PlayStation yake yomwe waibisa kuseri, yoyaka, yolumikizidwa pa Wi-Fi yomweyo. Gemu imene mwana ankasewera inali m'makina a mkuluyo. Foni inkangoonetsa chithunzi. Atalandira ndalama, mwana atangokhota pakona, wachotsa akaunti, basi nkhani yatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tamverani, ndinena pang'onopang'ono kuti aliyense amve, ngakhale inu makolo amene mumati zamagemu si zanu. Remote Play siika gemu m'foni. Gemu imatsala kunyumba. Imatsala m'makina, mu PS4 kapena PS5 yako, imene unagula ndi ndalama zako, imene ili pa thebulo pako, yolumikizidwa ku magetsi ndi ku intaneti. Makinawo ndi amene amagwira ntchito yonse. Amajambula zimene zikuchitika m'gemumo n'kuzitumiza ngati vidiyo ku foni yako kapena laputopu yako. Iwe ukadina batani, uthenga umabwerera kunyumba kukauza makina kuti wosewera wako amenye mpira, makina n'kumenya, n'kukutumiziranso chithunzi chatsopano. Ndi zokhazo. Foni ndi zenera chabe. Ukusuzumira m'nyumba mwako uli kutali. Tsono ngati nyumba ulibe, zenera ulitenga ukasuzumire kuti?

Foni si PS5. Ngakhale ikhale foni yodula bwanji, ya makamera anayi kumbuyo, si PS5. Ngakhale wina akulumbirire pa manda a agogo ake, app imeneyi popanda makina ili ngati rimoti yopanda TV. Ukhoza kuidina mpaka chala chituluke thuza, palibe chioneke. Zili ngati kuimba foni kumudzi n'kumamva amayi akutakasa nsima, mthiko ukumveka bwinobwino m'khutu. Nsimayo ili kumudzi, m'bale wanga. Ndipo ngati kumudziko kulibe mphika pamoto, ngakhale phokoso la mthikolo sulimva.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti nkhaniyi si yachilendo, si yobisika. A Sony, kampani yopanga PlayStation, anayamba zimenezi kalekale, mu 2006, nthawi ya PS3 ndi kachipangizo kam'manja kaja ka PSP. PS4 itabwera mu 2013 ankalumikiza ndi kachipangizo kena kam'manja ka PS Vita. Mu 2016 anatsegulira makompyuta a Windows ndi Mac. Mu 2019 zinafika pa iPhone, kenako pa mafoni a Android a makampani onse, poti kale zinali za mafoni a Xperia okha. Zaka zonsezi lamulo silinasinthe: makina akhale ako, akhale kunyumba, akhale oyaka kapena ogona mu rest mode, ndipo ulowe ndi akaunti yomwe ili m'makinamo. A Xbox nawo ali ndi yawo, imayenda chimodzimodzi. A Steam Link nawonso, gemu imakhala pa kompyuta yako, foni n'kumangolandira chithunzi. Ngakhale PlayStation Portal, chipangizo chimene eni ake a Sony anatulutsa mu November 2023 pa mtengo wa madola pafupifupi 200, chokhala ndi sikirini ya mainchesi 8, chinatuluka chikufuna PS5 kunyumba kuti chigwire ntchito. Eni ake enieniwo anatulutsa chinthu cha madola 200 n'kunena poyera kuti ukhale kaye ndi PS5. Ndiye mkulu wa pabenchi, ndi kaflashi kake kodzadza ndi nyimbo zakuba, iyeyo ndiye waposa mainjiniya a ku Japan? Pa K20,000?

Wina abwera m'makomenti kuti ayi bwana, kuli magemu oseweredwa popanda makina, a cloud. Ndikudziwa. Kumeneko makina aliponso, kungoti ndi a kampani, ali m'nyumba zawo zikuluzikulu kunja, ndipo umalipira mwezi ndi mwezi, komanso amasankha okha maiko oti afikeko. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo si imene mwana anaikiridwa m'foni. Musandisokoneze. Kulikonse kumene mungaloze, makina alipo penapake ndipo wina akuwalipirira magetsi. Gemu siimera m'foni ngati bowa.

Ine ndili ndi PS4 yakalekale, yogula kwa mnzanga amene anachokera ku Joni, ndipo Remote Play ndimaigwiritsa ntchito, ndiye sindikunena zongomva. Madzulo amayi a kunyumba akagwira rimoti kuti aonere zawo, ine sindilimbana nawo, banja ndimalifuna. Ndimatenga laputopu, kulumikiza padi yosewerera gemu, n'kukakhala kuchipinda. Makina ali pabalaza, ine ndili pabedi, tonse tili pa rauta imodzi. Pamenepo zimayenda bwino ndithu, moti umaiwala kuti chithunzi chikuchokera chipinda china. Koma dziwani kuti nthawi imeneyo makina ndawagwira ine. Palibe wina angasewerepo gemu ina. Makina amodzi, gemu imodzi. Ndiye ngakhale mkulu uja akanakhala wachilungamo n'kusiya akaunti yake m'foni ya mwanayo, ana onse amene wawadyera ndalama akanamasewera bwanji pa makina amodzi? Akanamaima pamzere ngati pachigayo?

Ndinayesapo kusewera ndili ku Lilongwe, makina ali kuno ku Blantyre. Ndinawasiya mu rest mode, nditatsegula zoti akhalebe pa intaneti komanso azitha kudzutsidwa ndili kutali. Anadzuka, chithunzi chinabwera, ndinasangalala ngati mwana. Koma mpira wake unali wa manyazi. Ndikadina kuti wosewera apatsire, iye amayamba waganiza kaye ngati akufunsa kwa ankhoswe. Pofika pomenya, mpira atenga kale adani. Chithunzi chimati chikhale bwino, kenako nkhope za osewera n'kusanduka timabokosi. Hafu yachiwiri isanathe zonse zinangoti zii. Kuimba kunyumba, akuti magetsi azima. Ndi pamene unadziwa bwino kuti gemu ili kunyumba: foni ili ndi batire lodzadza, netiweki ili ndi mizere yonse, koma kwathu kuli mdima, ndiye iwenso uli mu mdima.

Ndipo anthu saiganizira nkhani ya liwiro. Eni ake amati pafunika intaneti yosachepera 5 Mbps, ndipo kuti zikome pafunika 15 Mbps, mbali zonse ziwiri. Mvetsetsani, zonse ziwiri. Si kumene uli kokha ayi. Intaneti ya kunyumba iyenera kukhala ndi mphamvu yotumiza, osati yolandira yokha, chifukwa makinawo ndi amene akukankha vidiyo kupita kwa iwe. Ambirife tikamayesa intaneti timangoyang'ana nambala ya download n'kumadzitama, ya upload sitiiona n'komwe. Tsono chitani masamu nokha. Chithunzi chikamayenda pa 5 Mbps kwa ola limodzi, ndi ma GB awiri ndi kanthu. Pa 15 Mbps mukuyandikira ma GB asanu ndi awiri, ola limodzi lomwelo. Ndipo ngati kunyumba kuli bandulo, kumene uliko kulinso bandulo, ukudya mbali ziwiri nthawi imodzi. Zimenezi mkulu wa pabenchi anamuuza mwana? Mwana amene data yake ndi ya WhatsApp yokha, ya sabata, yochita kupempha kwa mayi ake?

Sanamuuze. Sakanamuuza, chifukwa akanangotchula kuti pafunika makina kunyumba malonda akanathera pomwepo. Mwana wa mlongo wangayu kwawo kulibe PlayStation. Kulibe rauta. TV yomwe ilipo ndi ya chimsana ija. Wamugulitsa zenera munthu wopanda khoma.

Ena muziti umphawi, achinyamata alibe ntchito, aliyense akusaka. Zoona, ndipo mtima wanga sukusintha. Kusaka n'kugulitsa tomato, kusaka n'kukonza sikirini yosweka. Kuyang'ana mwana m'maso, kumuonetsa gemu ya m'makina obisika, n'kulandira ndalama yake ya ganyu, dzina lake ndi kuba. Palibe dzina lina. Musakukometsere kuti ndi kuchenjera kwa m'tauni. Ndi kuba.

Mwanayo ndinamukalipiranso, musaganize kuti ndinamusiya. Ndinati iwe, amalume ako ali ndi makina m'nyumba, umabwera kuno Lamlungu lililonse kudzandigoletsa zigoli, walephera bwanji kufunsa? Safunsa anadya phula. Anangozyolika. Kenako anati ankafuna adzandidabwitse, adzabwere ali ndi PS5 yake m'thumba, ine ndikadali pa PS4. Apa ndinasowa chonena, mkwiyo wonse unabwerera kwa mkulu uja. Komanso kwa ife akuluakulu, tinene zoona. Mwana akangotchula gemu timamudula pakamwa, ati zachibwana, kawerenge. Ndiye akakhala ndi funso apita kwa ndani? Apita kwa amene amumvetsere, ndipo amene amumvetsere ndi wa pabenchi amene akuwerenga kale ndalama za m'thumba mwake.

Lolemba ndinapita naye komweko. Ndinavala bwino, ndinapereka moni mwaulemu, ndinati achimwene, mwana uyu munamuikira chinthu chimene sichikugwira. Mukudziwa yankho lake? Osayang'ana n'komwe foniyo. Akuti, "Ndi netiweki imeneyo, bigi. Ayesenso usiku." Ndinati chabwino, tiyeseni pano, pa netiweki yanu yomwe inagwira Loweruka ija. Akuti lero sizingatheke, system ili down. Ndinati system yake iti, si PlayStation ili kuseri kwa katani iyo? Anthu anayamba kusonkhana, mayi wina wogulitsa nthochi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mkulu uja anatulutsa K10,000, akuti inayo ndi ya "installation". Installation ya app yaulere! Kudina batani limodzi! Ndinailandira chifukwa mwana anali atayamba kunjenjemera ndi manyazi, koma ndinamuuza kuti ndilemba, ndipo ndi izi ndalemba. Dzina sinditchula, akudzidziwa yekha, ndipo si iye yekha.

Ndipo mawu akuti netiwekiwa anditopetsa. Chilichonse m'dziko muno ndi netiweki. Munthu wakubera, netiweki. Watumiza ndalama ku nambala yolakwika, netiweki. Ngongole sanabweze mwezi wachitatu, akuti ndinatumiza koma netiweki. Wachibale sanabwere kumaliro, akuti uthenga sunafike, netiweki, chonsecho tonse tinaona timizere tiwiri ta buluu. Ukapita ku ofesi kukatenga chikalata, munthu ali pa foni yake akuseka mavidiyo, vidiyo ikuyenda bwinobwino osadukiza, akukuyang'ana n'kunena kuti bwerani mawa, netiweki palibe. Vidiyoyo ikuyendera chiyani, makala?