Afunseni odziwa musanatilembere lamulo

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Dzulo tinali pamsonkhano pansi pa mtengo kwathu kuno ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, nkhani yake ya kolera poti mvula yayandikira. Kunabwera bwana wina wandale, dzina sinditchula. Anaimirira n'kunena kuti akapita ku Lilongwe akalimbikira kuti pakhale lamulo loti banja lililonse lopanda chimbudzi lizilipira chindapusa. Ena anaomba m'manja. Kenaka alangizi athu a zaumoyo, mayi amene akhala akupalasa njinga m'midzi ino zaka zambirimbiri, anakweza dzanja. Anangoyamba kuti, "Bwana, dothi la kuno ndi lamchenga, mukakumba pang'ono mwapeza madzi, zimbudzi zimagwa chaka ndi chaka." Sanamalize. Anawadula mawu, ati nthawi yatha, galimoto ikudikira.

Nthawi yomvera munthu yekhayo amene amadziwa nkhaniyo pabwalo lonse lija ndiye yatha? Ndiye lamulolo akalilemba ndi nzeru za ndani?

Zimene ndikunena ndi chimodzi basi: musamalembe malamulo a zaumoyo musanafunse anthu amene anaphunzira za matenda komanso amene amagwira odwala ndi manja awo. Safunsa anadya phula. Koma kuno wodya phulayo si amene sanafunse ayi, ndi ife, ndi ana athu. Mayi wamasiye amene chimbudzi chake chinapita ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023, anakumba china, chinagwanso, mukufuna mumulipitse chindapusa? Akatenga kuti? Funsani kaye odziwa za dothi ndi madzi akuuzeni chimbudzi chamtundu wanji chingapirire kuchigwa kuno, ndalama zake ndi zingati, simenti yake agula ndani. Lamulo libwere pambuyo pake.

Kolera ija inayamba mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje sitinachite kumva pawailesi, tinanyamula odwala pamachira. Ndipo nthawi yonseyo dziko limalimbana ndi mliri pogwiritsa ntchito lamulo la zaumoyo la 1948. Werengani bwino, 1948, dziko lino likutchedwa Nyasaland, zaka 16 tisanalandire ufulu. Covid itabwera mu 2020 malamulo ake anatsamira pa lamulo lomwelo, ndipo mukukumbuka kuti mu Epulo khothi lalikulu linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 uja. Ndi mmene zimathera zinthu zochita mothamanga mliri utafika kale pakhomo.

Ndipo musandiuze kuti akatswiri kulibe. Alipo! Ku KUHeS, yunivesite ya maphunziro a zaumoyo, kuli madokotala ndi aphunzitsi amene ntchito yawo ndi yomweyi. A bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuchita kafukufuku wa malungo ku Chikwawa kuno kwa zaka zambiri. Katemera wa malungo atayamba kuperekedwa kwa ana mu 2019, Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma oyambirira. Amayi a kuno anapita ndi ana awo kusikelo, anavomera. Nzeru zimene zinatuluka pamenepo zinatuluka m'matupi a ana athu. Ndiye zingatheke bwanji kuti munthu wopita kukatilankhulira ku Nyumba ya Malamulo asapatule ngakhale ola limodzi kumva zimene anapeza? Zikundiwawa kwambiri zimenezi.

Ena akuti ndi kampeni, ena akuti aphungu alibe owathandiza kuwerenga malipoti, zonsezo n'zokonzeka akafuna.

Umboni woti kumvera kumathandiza ulipo. Mu 2017 aphungu akukambirana lamulo la HIV ndi Edzi, munali ndime zokakamiza anthu ena kuyezetsa magazi komanso zomanga munthu pomuganizira kuti wapatsira mnzake kachilombo. Odziwa za matendawa pamodzi ndi amayi amene ali ndi kachilombo analankhula, anafotokoza kuti zimenezo zingothamangitsa anthu kuchipatala. Aphungu anamva, ndime zija anazichotsa. Nthawi imeneyo anatha kutchera khutu, nanga lero chavuta n'chiyani?

Ine ndikufuna kuti bilu iliyonse yokhudza umoyo isamadutse komiti ya aphungu yoona zaumoyo isanaitane akatswiri, poyera, tizimva pawailesi mafunso ndi mayankho omwe. Ndipo akatswiriwo asamangokhala a ku Blantyre ndi Lilongwe okha. Aitaneni anamwino a ku Makhanga amene amadziwa tanthauzo la chipatala chozunguliridwa ndi madzi. Aitaneni alangizi a ku Ngabu ndi Bangula amene amadziwa kuti mankhwala ndi katemera zimavuta kusunga kukatentha kupitirira madigiri 40 magetsi atazima. Munthu wokhala muofesi yozizira sangalote zimenezi. Phungu si dokotala, palibe chamanyazi pamenepo, tinamusankha kuti azimva ndi kufunsa m'malo mwathu. Chamanyazi ndi kudula mawu dokotalayo, kudula mawu namwino, kudula mawu mlangizi, n'kukakhala pampando kumalemba lamulo ngati ukudziwa zonse.

Afunseni odziwa. Afunseni musanalembe, osati maliro atachuluka ndiye muziitanitsa misonkhano kunyanja. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo amene tikumva m'mimba ndife.

Alangizi aja msonkhano utatha anangokwera njinga yawo, kabuku kawo kali m'chikwama, kodzaza ndi manambala a nyumba zopanda zimbudzi, zitsime zoipa, ana otsegula m'mimba mudzi ndi mudzi. Palibe anawapempha kuti aone kabukuko.

Komanso nkhani ya mijigo ndi chimodzimodzi, okumba sanafunse odziwa. Mijigo ingapo m'dera lino imatulutsa madzi amchere, osamweka, nyemba sizipsa, sopo sachita thovu. Aliyense woyeza madzi akanawauza asanakumbe kuti malo ambiri kuchigwa kuno pansi pali mchere. Anakumbabe poti pafunika chithunzi chodula riboni. Lero amayi akutunga ku Shire, kumene kuli ng'ona ndi likodzo, ndipo klorini kwathu kuno sitinamuone miyezi itatu tsopano.