Texas kapena Indiana, ife tasankha

Miyezi itatu yathunthu m'nyumba muno takhala tikukokana pa nkhani yosamuka. Zochoka ku Seattle kuno tinagwirizana kalekale chifukwa lendi yatikwana, malipiro akangolowa mu akaunti gawo lalikulu lapita kwa alandilodi, ana atatu akupanikizana chipinda chimodzi. Nkhani inali yoti tilowere kuti, bambo a ana amafuna Dallas ku Texas, ine mtima unali ku South Bend ku Indiana.

Mfundo yawo sinali yopepera ayi. Ku Texas boma la steti silidula msonkho pa malipiro, chimodzimodzi kuno ku steti ya Washington komwe kuli Seattle, pomwe ku Indiana amadula pafupifupi 3 peresenti kenako county, boma la dera lomwe ukukhala, nayonso imatapako yake. Iwo amayendetsa thilaki ndipo ntchito zimenezo ku Dallas ndi mbwee, komanso snow kulibe kwenikweni. Ndinawamvera bwinobwino. Koma titakhala pansi ndi cholembera tinapeza kuti msonkho wa nyumba ku Texas ndi wokwera kwambiri, ndiye ife amene tikulota zogula nyumba yathu, zomwe tapulumutsa pa malipiro zikatulukira khomo lina basi. Nde kutentha kwakenso, July ndi August kumadutsa madigiri 38 masiku ambirimbiri, AC osazimitsa usiku ndi usana, bilu ya magetsi ikubwera. Ndipo ndimakumbukirabe February 2021 pomwe ku Texas kunazizira koopsa magetsi nkuthima masiku angapo, mnzanga wina anagona mu galimoto ndi ana chifukwa m'nyumba mapaipi anali ataphulika.

Koma ndinene zoona, chomwe chinandigwira mtima ine si masamu amenewa. Ndine nesi, ndimagwira mashifiti a usiku, bambo akanyamuka ndi thilaki amatha sabata osabwera. Chaka chatha mwana wathu wotsiriza anatentha thupi pakati pa usiku ine ndili ku ntchito, anayimba foni ndi mkulu wake wa zaka 13 mawu akunjenjemera, akuti amama, mwana akusanza sindikudziwa ndipange bwanji. Ndinaima pa corridor foni ili m'manja, ndikuyang'ana manambala, panalibe olo munthu mmodzi woti ndingamudzutse 2 koloko usiku nkumuuza kuti thamangirani kwathu. Tsiku limenelo ndinalira mu bafa ya ku ntchito.

Ku South Bend kuli Amalawi ambiri zedi, ndipo kuli achemwali anga enieni, a bere limodzi, komanso alamu awiri. Mwana akadwala pali wogogoda pa chitseko, kukagwa zovuta anthu amasonkhana nkusonkha, Loweruka nsima ya chambo chouma imadyedwa pamodzi ana akumva Chichewa. Anawa Chichewa chikuwathawa ndikuona ndi maso, agogo awo akayimba pa WhatsApp amangoti ndili bwino kaya inu, kenako zii. Ku Dallas Amalawi aliko ndithu, koma ife tilibeko wachibale, ndipo mzindawo ndi wotambalala moti kukaona munthu ndi ulendo.

Snow ya ku South Bend sindikuyichepetsa, imachokera ku Lake Michigan ndipo ikati igwe imagwadi, mmawa uyambe wafukula galimoto ndi fosholo. Malipiro anganso mwina atsika poyerekeza ndi kuno, ndavomera. Chicago ili pafupi, maola awiri sakwana bwino pa galimoto, ndipo kuchokera pa bwalo la ndege la O'Hare ku Chicagoko timakwera ndege ya Ethiopian kudzera ku Addis mpaka ku Lilongwe.

Bambo anavomera sabata yatha, atakhala chete nthawi yaitali anangoti chabwino mayi, tiyeni kwa abale. Sukulu zikangotsekera mu June tikupakira katundu, msewu wake ndi I-90 kuchoka pa Seattle pompano mpaka kukafika, mamailosi opitirira 2,000, masiku anayi ndi ana kumbuyo. Achemwali ayamba kale kutifunsira nyumba ya zipinda zitatu kufupi ndi kwawo.