Miyazaki sanayambire pa Elden Ring ayi

Zikomo polemba za Hidetaka Miyazaki, wopanga magemu apakanema wa ku Japan, koma nkhani yanuyi yangothamangira pa gemu yake ya Elden Ring ya 2022 ngati ndi pomwe anayambira. Ine chimandikhudza nchoti mkuluyu analowa zamagemu ali ndi zaka 29, anali pantchito yabwinobwino ku Oracle, kampani ya mapulogalamu a makompyuta, ndiye mnzake anamuuza kuti asewereko gemu ya Ico, basi mtima unatembenukira pompo, anasiya ntchito nkukalowa kampani yopanga magemu ya FromSoftware mu 2004 kumalandira ndalama zochepa kuposa kale. Pofika 2014 ndi uyo wakhala pulezidenti wa kampaniyo!

Paja anakulira ku Shizuoka m'banja losauka, ankabwereka mabuku ku laibulale ena ovuta oti sankawamva onse, pomwe sanamvepo ankadzazapo ndi maganizo ake poyang'ana zithunzi. Nchifukwa chake mu gemu yake ya Dark Souls sakuuza nkhani yonse, umachita kutolatola wekha powerenga timawu tofotokoza lupanga kapena mphete yomwe wapeza. Gemu ya Demon's Souls nayonso anaitenga pomwe anthu pakampanipo anali ataitaya kale mtima, iye nkuikonza mpaka kutuluka 2009.

Anthu amati magemu ake ndi ankhanza, ine sindivomereza. Dark Souls ndinasewera pa PlayStation 3 (PS3) ya msuweni wanga, adani awiri am'gemumo, Ornstein ndi Smough, anandigwetsa sabata yathunthu koma ulendo uliwonse ndimaona pomwe ndalakwitsa. Usiku womwe ndinawagonjetsa manja ankanjenjemera, kontirola ili thukuta lokhalokha, ndinakuwa mpaka amayi anatuluka kuchipinda kudzafunsa kuti kwagwanji. Chonde mudzalembekonso za magemu ake ena, Bloodborne ndi Sekiro, apa mwangozitchula dzina basi.