Jinzi ya Ntchito Imadziwika Mukaitembenuza

Masiku ano achinyamata ambiri akuvala majekete, maovololo ndi mathalauzi a jinzi osokedwa motengera zovala za anthu a ntchito zamanja, okhala ndi matumba akuluakulu, misoko iwiriiwiri ndi kachingwe kokolekapo nyundo. Zovalazi ndimazikonda kwambiri, koma chimene chimandiwawa mtima n'chakuti zambiri zangotengera maonekedwe okha, pomwe nsalu yake ndi yopyapyala moti singapirire mwezi umodzi pa thupi la kalipentala kapena mmisiri womanga nyumba.

Mphamvu ya jinzi ili m'kaombedwe ka nsalu yake, imene imatchedwa denim. Ulusi woyenda m'litali umanyikidwa mu utoto wa indigo, pomwe ulusi wopingasa umasiyidwa woyera. Poomba, ulusi wa m'litali umadutsa pamwamba pa maulusi atatu opingasa kenako pansi pa umodzi, ndipo ulusi woyandikana nawo umachita chimodzimodzi koma utasuntha pang'ono. Apa mpamene pamachokera timizere topendekeka timene mumationa mukayang'anitsitsa, ndipo n'chifukwa chake kunja kwa jinzi kumakhala kwabuluu, mkati n'kukhala moyererako. Kaombedwe kameneka kamalola kuti maulusi athinane kwambiri, motero nsalu imalemera ndi kupirira kukhuzika, koma imapindikabe munthu akagwada. Utoto wa indigo nawo sulowerera mpaka pakati pa ulusi, umangokuta kunja. Choncho jinzi ikamakalamba imasuluka m'mawondo, m'matumba ndi paliponse pamene mwini wake amaikhuza, kufikira imaonetsa yokha mtundu wa ntchito imene iye amagwira. Kwa ine kukongola kwake kwenikweni n'kumeneku, ndipo sindimvetsa chifukwa chake fakitale ikhule ndi kung'amba dala thalauzi latsopano kuti lioneke ngati lagwira ntchito imene silinagwire.

Tisaiwale kumene chovalachi chidachokera. Jacob Davis, telala wa ku Reno m'boma la Nevada, adaona kuti matumba a anthu apantchito amang'ambika msanga m'makona, ndiye adayamba kukhomerapo tizitsulo ta mkuwa. Pa 20 May 1873 iye ndi Levi Strauss, wamalonda wa ku San Francisco amene ankamugulitsa nsalu, adalandira chiphaso cha umwini wa luso limeneli. Anthu a m'migodi, alimi ndi oweta ng'ombe ankagula mathalauzi amenewa chifukwa cha kulimba kwake. Lero tizitsulo tomwe tija timaikidwa ngati chokongoletsera pa nsalu yosakaniza ulusi wa lasitiki, imene imatanuka bwino ili yatsopano koma imatha msanga pakati pa ntchafu.

Sindikunena kuti jinzi yotanuka ndi yoipa kwa aliyense, pakuti munthu wokhala mu ofesi tsiku lonse akhoza kuikonda. Chimene ndikukana ndi kuitcha ya ntchito n'kuikweza mtengo chifukwa cha dzinalo.

Ine ndikafika pa kaunjika, thalauzi ndimayamba ndalitembenuza. Ndimaona ngati timizere tija tili tothinana, ndimaliyang'anira ku dzuwa kuti ndione ngati kuwala kukudutsa, ndimakoka nsalu m'mbali kuti ndimve ngati ikutanuka, kenako ndimawerenga kansalu kosokedwa mkati. Kakalembedwa kuti ndi thonje lokhalokha, ndipo thalauzilo likulemera m'manja, ndimalipira osanenerera kwambiri, ngakhale litasuluka m'mawondo.