"But" si "komanso", abwana

Ndakwiya, ndipo ndikulemba ndili chikwiyire.

Mng'ono wanga wagwira ntchito zaka 4 pa sitolo ina mu Limbe. Tsopano wapeza pofunsira ntchito ku Lilongwe, ndipo anamuuza kuti abweretse kalata yomuchitira umboni kuchokera kwa abwana ake. Dzulo madzulo ananditumizira chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp, mtima uli m'mwamba: "Achemwali, taonani mmene andiyamikirira abwana." Nditafika pa mzere wachitatu ndinaika foni pansi. Analemba kuti: "She is hardworking and honest, but she is a married woman with three children."

Ndinamuimbira nthawi yomweyo. "Iwe, kalatayi usaipereke." Iye anadabwa. "Bwanji achemwali, si andiyamikira?" Ayi, sanakuyamikire. Anakukweza ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kukugwetsa.

Ndikudziwa chomwe bamboyo ankafuna kunena. M'mutu mwake munali Chichewa chabwinobwino: ndi wolimbikira, wokhulupirika, komanso ndi mayi wapabanja wa ana atatu. Kwathu kuno mawu amenewo ndi ulemu. Akutanthauza munthu wokhazikika, wosathawathawa, wodziwa udindo. Koma pomwe panali "komanso" iye anaikapo "but", ndipo "but" si "komanso". Amene adzawerenge kalatayo mu ofesi adzamva kuti: inde ndi wolimbikira, koma chenjerani naye, ali ndi ana, azijomba, azipempha tchuthi. Basi. Mawu amodzi a zilembo zitatu afafaniza zaka zinayi za thukuta. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Chingerezi chili ndi chizolowezi ichi ndipo sichisintha chifukwa mtima wa wolemba ndi wabwino. Ukatchula khalidwe la munthu kapena la chinthu, kenako n'kuika "but", chomwe chabwera pambuyo pa "but" ndicho chigamulo. Choyambacho chimangokhala moni. Munthu akanena kuti "The house is beautiful but it is expensive," nyumbayo sagula. Akanena kuti "The house is expensive but it is beautiful," ndalama wayamba kale kuwerenga. Mawu ndi omwewo, nyumba ndi yomweyo, mtengo ndi womwewo. Chasintha ndi chomwe chakhala kumapeto. Tsono abwana aja anaika kulimbikira ndi kukhulupirika poyamba, pamalo pa moni, ndipo banja ndi ana anaziika pampando wa woweruza. Mukuona chomwe chikundiwawa?

Ndipo sizithera pomwepo. "But" amaulula zomwe wolankhula amaganiza za mawu oyambawo, ngakhale iye sakufuna. Ukanena kuti "He is poor but honest," wanena kuti anthu osauka kawirikawiri ndi akuba, uyu yekha ndiye wapulumuka. Ukanena kuti "She is beautiful but intelligent," watukwana mkazi aliyense wokongola. Ukanena kuti "He is from the village but he is clean," watukwana mayi ako amene anakubala. Kalata ya mng'ono wangayo ilinso ndi china chotere kumunsi: "She is quiet but she is intelligent." Ndani ananena kuti munthu wofatsa amakhala mbuli? Palibe. Ndi "but" ameneyo wanena.

Ife "koma" wathu ali ndi ntchito zambiri, n'chifukwa chake timagwa. Timati "koma mwanayu ndi wanzeru!" ndipo palibe chomwe tikutsutsa, tikungodabwa. Timati "koma inu!" Timati "koma ndiye mwatchena." Timati "komanso" pophatikiza zinthu ziwiri zabwino. Onsewo ndi "koma", ndipo ku sukulu anatiuza kamodzi kuti "koma" pa Chingerezi ndi "but", nkhani n'kuthera pomwepo. Koma "but" wa pakati pa mawu awiri ofotokoza munthu ali ndi ntchito imodzi yokha: kutsutsa. Sayamikira. Saphatikiza. Amatembenuza.

Wina andiuza kuti nanga "not only... but also" bwanji? Inde, ameneyo amaphatikiza: "She is not only hardworking but also honest." Koma taonani kuti kutsogolo kuli "not only". Ndiye amene wachotsa ululu. Mukamusiya n'kungolemba "She is hardworking but also a mother," mwabwerera m'dzenje lomwe lija. Ngati zikukusokonezani, lembani "and". Ndi mawu aafupi, mwana wa Sitandade 3 amawadziwa, ndipo sanaphepo ntchito ya munthu. "She is hardworking and honest." Mpumiro. Za banja lake zisiyeni, palibe anakufunsani.

Chomwe chandikwiyitsa kwambiri si kulakwitsako. Tonse Chingerezi tinachita kuphunzira, palibe anayamwa. Chandikwiyitsa ndi yankho la abwanawo mng'ono wanga atabwerera m'mawa uno kukawapempha mwaulemu kuti asinthe mzere umodzi wokha. Akuti: "Iwe ukufuna undiphunzitse Chingerezi ine? Ndinayamba kulemba makalata iwe usanabadwe." Zoona? Ndiye kuti zaka zonsezo mwakhala mukugwetsa anthu angati ndi "but" wanuyo, iwo akukuthokozani, akukugwadirani, akutenga kalata kupita nayo kokakanidwa? Safunsa anadya phula. Koma apa phulalo akudya si inu. Akudya ndi mtsikana amene wakhala akukutsegulirani sitolo 7 koloko m'mawa tsiku lililonse, ngakhale mwana atadwala usiku.

Kalata ya umboni si malo oonetsera kuti munapita ku sukulu. Ndi mbale ya nsima ya munthu wina. Wowerenga sakudziwani, sadzakuimbirani kufunsa kuti kodi bambo mumatanthauza chiyani. Ali ndi mulu wa makalata patebulo ndipo akungofuna chifukwa chochepetsera muluwo. Inu mwamupatsa chifukwacho ndi dzanja lanu, mwasaina, mwadindapo chidindo. Mukalemba "but", iye amadumpha zonse zoyambirira n'kuwerenga zotsatira zokha. Mukalemba "He is punctual but he is still young," mwanena kuti musamudalire. Mukatembenuza, "He is still young but he is punctual," mwamulembetsa ntchito. Ngati simungathe kusiyanitsa ziwirizi, perekani kalatayo kwa wina aiwerenge isanatuluke pakhomo. Kufunsa sikuchotsa ubwana.

Ndipo aphunzitsi a Chingerezi, inunso ndili nanu mawu. M'dziko muno mwana sangalandire satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale Masamu ndi Bayoloje atakhoza bwanji. Phunziro lolemera chonchi, koma tinaloweza chiyani? Kuti "but" ndi "conjunction". Tinaloweza, tinakhoza, tinatuluka. Palibe anatikhazika pansi n'kutiuza kuti mawuwa amasankha mbali. Chomwe ndimakumbukira ine ndi cholembera chofiira pa "Although she is clever, but she is lazy." Mzere wofiira pa "but", popanda kufotokoza. Chonsecho kufotokoza kwake n'kwachidule: pa Chichewa timati "ngakhale ndi wanzeru, koma ndi waulesi" ndipo chiganizocho chili bwinobwino, pomwe Chingerezi chimafuna mmodzi yekha, "although" kapena "but", osati onse awiri. Mphindi imodzi yokwanira kunena zimenezi inasowa pa zaka zinayi za ku sekondale? Mwana akadziwa kuti cholakwacho chikuchokera ku chilankhulo chake, chomwe sichinalakwe, sabwerezanso. Akangoona zofiira amangophunzira manyazi.

Ndipo manyaziwo ndi amene ndimawaona pa Facebook tsiku ndi tsiku. Munthu walemba za maliro a bambo ake, walakwitsa "although" ndi "but", anthu akuthamangira kukaseka m'makomenti. Osekawo ndi omwewo amene mawa alemba "My wife is educated but respectful" n'kumaganiza kuti amuyamikira mkazi wawo pa tsiku lake lobadwa. Mkaziyo n'kuikapo kamtima.

Mng'ono wanga ali ndi mpaka Lachisanu kuti apereke mapepala ake. Mawa ndikupita ndekha ku Limbe ndi kalata yolembedwa kale, abwanawo akangosaina.