Masewero a m'mayunivesite: America yagulitsa unansi wake, Canada ikadausunga

Ife amene tikukhala kuno ku Surrey ndi madera ena ozungulira Vancouver m'dziko la Canada timawadziwa mayiko awiriwa ngati mmene munthu wa ku Mchinji amadziwira Malawi ndi Zambia, chifukwa chipata cha pamalire cha Peace Arch chili pakhomo pathu penipeni, ndipo kuchoka ku Vancouver kukafika ku Seattle ndi makilomita pafupifupi 230 basi. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuvomereza pamaso pa anzanga a kutsidyako kuti pa nkhani ya masewero a m'mayunivesite, America ndi mkulu ndipo Canada ndi khanda longoyamba kukwawa. Lero mawu amenewo ndikuwabweza, ndipo amene wandibwezetsa ndi mwana wamkazi wa mnzanga wina wa kutchalitchi kwathu, mwana amene tinamuona akukula mpaka anapeza mwayi wokaphunzira ulere pa yunivesite ina ya kumadzulo kwa America chifukwa cha luso lake pa volebo.

Tsiku limene ananyamuka tinamuperekeza ndi nthungululu, ndipo bambo ake ankadzitama kuti masewero ambiri a mwana wawo azikawaonera pa galimoto, popeza matimu olimbana nawo anali a m'zigawo zoyandikana. Atabwera kudzadya Khirisimasi chaka chathachi, tinakhala pa tebulo limodzi, nsima ya ufa wa m'sitolo ili pakati, koma mwanayo anagona tulo mbamu ili m'manja. Atadzidzimuka anapepesa, n'kundiuza kuti, "Ankolo, ine masiku ano sindidziwanso kuti lero ndi lachingati." Anatifotokozera kuti pa nyengo ya masewero amatha kunyamuka Lachitatu, kuuluka maola asanu kupita kummawa kumene wotchi ili patsogolo ndi maola atatu, kusewera, kusamukira mumzinda wina, kusewerakonso, kenaka n'kutera kwawo usiku wa Lamlungu kutatsala pang'ono kucha, pamene kalasi ikumudikira mmawa womwewo. Mayeso ena amalembera m'chipinda cha hotela. Bambo ake, amene poyamba ankathira mafuta m'galimoto n'kukakhala pampando wakutsogolo, tsopano amamuonera pa foni ngati munthu wachilendo. Yunivesiteyo sindiitchula dzina, chifukwa vutoli si la sukulu imodzi. Ndi la dongosolo lonse la dziko limenelo.

Inu amene mumatsata nkhanizi mukudziwa kumene zinayambira. Ligi ya mayunivesite a kumadzulo kwa America ya Pac-12, imene mizu yake inazikika mu 1915 pamene mayunivesite a California, Washington, Oregon ndi sukulu imene lero ndi Oregon State anagwirizana zoti azisewera pamodzi, inatha ngati chipale chogwa pamwala. Mu Juni 2022, mayunivesite a ku Los Angeles a USC ndi UCLA analengeza kuti akupita ku ligi ina ya Big Ten. Mu Julaye 2023 Colorado inatembenukira ku ligi ya Big 12, ndipo pa 4 Ogasiti chaka chomwecho, tsiku limodzi lokha, Washington ndi Oregon anatsatira ku Big Ten pamene Arizona, Arizona State ndi Utah ankalowera ku Big 12. Patangopita milungu inayi, Stanford ndi California, masukulu amene ali m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, analowa ligi imene dzina lake lenileni likunena za gombe la Atlantic. M'nyumba ya anthu khumi ndi awiri munatsala awiri okha, Washington State ndi Oregon State, akuyang'anana ngati ana amasiye pamaliro. Chifukwa chake palibe amene anachibisa: Big Ten inali itasainirana ndi mawayilesi a kanema a Fox, CBS ndi NBC mgwirizano wa zaka zisanu ndi ziwiri wa ndalama zoposa madola 7 biliyoni, pamene Pac-12 inalephera kupeza wogula masewero ake pa mtengo wokhutiritsa mamembala ake. Washington ndi Oregon analolera ngakhale kulandira gawo lochepa poyerekeza ndi anzawo akale a mu Big Ten, bola alowe nawo m'khola la ng'ombe zonenepa.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ndalama zonsezi zimabwera chifukwa cha mpira umodzi wokha, uja wa chiamerika wovala zisoti, umene umaseweredwa kamodzi pa mlungu kwa miyezi itatu kapena inayi, koma katundu wake wasenzetsedwa ana a volebo, a basiketibo, a mpira wa miyendo ndi ena ambiri amene amasewera kawiri pa mlungu ndipo nkhope zawo sizioneka pa kanema wa anthu mamiliyoni. Ligi imene dzina lake limanena za khumi tsopano ili ndi matimu 18, kuyambira ku Los Angeles mpaka ku New Jersey. Mu Sepitembala 2024 Washington inakasewera ndi Rutgers usiku wa Lachisanu, ulendo wa makilomita pafupifupi 3,900, womwe ndi woposa kawiri mtunda wochoka ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg, ndipo inabwerako itagonja 21 kwa 18. Amenewo akuti ndi masewero a mu ligi, a pakati pa anansi. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma pano amene akugwa si pusi amene akuthyola zipatso. Akugwa ndi ana amene anatumizidwa kusukulu kuti akaphunzire.

Ndiye taonani zimene zachitikira Apple Cup, masewero a mpira wa zisoti a pakati pa Washington ndi Washington State. Washington ndi Washington State anayamba kulimbana mu 1900, ndipo kwa mibadwo yambiri masewerowa ndi amene ankatseka nyengo kumapeto kwa Novembala, nthawi ya Thanksgiving, mabanja atagawikana pakati, wina atavala chofiirira wina chofiira, chaka china ku Seattle kwawo kwa Washington, chaka china ku Pullman kwawo kwa Washington State m'chisanu choluma mafupa. Mu 2024 anaseweredwa pa 14 Sepitembala pa bwalo la Lumen Field, ophunzira a ku Washington asanatsegulire n'komwe sukulu, ngati masewero ongokumbukira chibale chakale. Washington State inapambana 24 kwa 19 itatchinga adani ake pakhomo penipeni pa golo m'mphindi zomaliza, ndipo ine, ngakhale sindine wa ku Pullman, ndinaimirira m'nyumba mwanga n'kuomba m'manja. Pullman ndi tauni yaing'ono ya pakati pa minda ya tirigu, imene malo ake ogona alendo ndi odyera amadalira kwambiri Loweruka la mpira. Tayerekezani kuti Maule adzuka mmawa wina n'kunena kuti ligi ya kumudzi ilibe ndalama, iwo azikasewera ku Egypt, ndipo Manoma azikumana nawo kamodzi pa chaka ngati masewero opimana mphamvu. Mzinda wa Blantyre ungagone tulo? Anthu a ku Washington anachitiridwa zotero, ndipo anauzidwa kuti ndi chitukuko. N'zoona kuti Pac-12 ikumangidwanso ndi matimu monga Boise State, Fresno State ndi San Diego State, koma matimu amenewo achita kuzulidwa ku ligi ya Mountain West, kutanthauza kuti wolandidwa uja nayenso wakalanda kwa wocheperapo.

Tsopano bwererani kuno. Loweruka lina mvula ikuwaza ndinapita ku Thunderbird Stadium, bwalo la yunivesite ya British Columbia (UBC) lija la zipilala zokhala ndi zosema za mbalame pamwamba, limene mipando yake ndi pafupifupi 3,500 yokha, kukaonera anyamata athu akulimbana ndi Saskatchewan. Tikiti ndinagula ndi ndalama imene kutsidya sikanakwana n'koimika galimoto komwe. Pambali panga panakhala mayi wina wachikulire atafunda bulangete, atanyamula fulasiki ya khofi, ndipo masewero atatha mdzukulu wake, chimnyamata chachitali chamatope thupi lonse, anabwera pampanda, n'kuvula chisoti, n'kuwerama kuti agogo akewo amupsompsone pamphumi. Ndinamumva akuwauza kuti sachedwa kunja chifukwa Lolemba ali ndi mayeso. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira mwana wa mnzanga uja ndi mbamu yake, ndipo mtima wanga unasankha mbali.

Kuno bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite la U Sports linagawa mayunivesite ake oposa 50 m'zigawo zinayi zotsata mapu enieni: Canada West kumadzulo, OUA ku Ontario, RSEQ ku Quebec ndi AUS kugombe la kummawa. Pa mpira wa zisoti, Canada West ili ndi matimu asanu ndi limodzi, UBC, Calgary, Alberta, Saskatchewan, Regina ndi Manitoba, amene amalimbirana Hardy Cup, ndipo akatswiri a zigawo zonse ndi amene amatsegulirana njira ya ku Vanier Cup, chikho chimene chakhalapo kuyambira mu 1965. UBC inachitenga mu 2015 ndipo inafika mu ndime yomaliza mu 2023, pamene inagonja kwa Montréal 16 kwa 9. Palibe mmawa umene tinadzukapo n'kumva kuti Calgary yathawira ku Quebec chifukwa cha ndalama za wayilesi ya kanema. Thandizo la ndalama limene wosewera angalandire kuno silipitirira fizi ndi zolipira zina zokakamiza za pasukulu, choncho palibe msika wogulitsirana ana, ndipo mphunzitsi wa m'kalasi akadali ndi mawu pa moyo wa wosewera.

Ndikudziwa zimene anzanga a ku Bellingham ndi Seattle andiyankhe, ndipo zina mwa izo sindingazikane. Dziko la Canada nalonso ndi lalikulu, moti kuchoka ku Vancouver kukafika ku Winnipeg ndi makilomita oposa 1,800, ndipo ana athu nawonso amakwera ndege. Kusiyana kwake n'kwakuti mtunda umenewo anauika ndi Mulungu, osati amalonda, ndipo pa volebo ndi basiketibo mwambo wa kuno ndi wakuti mukapita kwa anzanu mumasewera nawo Lachisanu ndi Loweruka pamalo amodzi n'kubwerera kwanu Lamlungu. Ndikuvomerezanso kuti mabwalo athu nthawi zambiri amakhala ndi mipando yopanda anthu, kupatula masiku ngati a Panda Game ku Ottawa, pamene Carleton ndi Ottawa amasonkhanitsa anthu oposa 20,000, kapenanso ku Laval kumene mpira amaukonda ngati chipembedzo. Aliyense amene anakhalapo mu Husky Stadium, bwalo la Washington, anthu 70,000 akufuula, maboti atandanda pa Lake Washington, bandi ikuliza malipenga, sangayerekeze kunena kuti kuno kuli chisangalalo chofanana nacho. Chowawa koposa n'chakuti ana aluso kwambiri a dziko lino amawoloka malire: Steve Nash wa ku Victoria anapita ku Santa Clara, Christine Sinclair wa ku Burnaby anapita ku Portland, Shai Gilgeous-Alexander ndi Jamal Murray anapita ku Kentucky, ndipo Zach Edey anakatchukira ku Purdue. Komanso, kunena chilungamo, osewera a ku America tsopano akudya nawo thukuta lawo: kuyambira mu 2021 amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, ndipo khoti litavomereza mgwirizano wa mlandu wa House, umene osewera anasumira, mu Juni 2025, sukulu iliyonse yofuna kutero inaloledwa kugawira osewera ake madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Chimenecho n'chabwino, ndipo chinachedwa. Koma gawo lalikulu la ndalamazo likupita kwa anyamata a mpira wa zisoti ndi basiketibo, pamene mtsikana wa volebo akutsala ndi sutikesi ndi tulo.

Amene akuganiza kuti mankhwala a mabwalo athu opanda anthu ndi kutsanzira America akwere phiri la Burnaby akafunse ku Simon Fraser. Yunivesite imeneyi inalowa m'gawo la Division II la NCAA, bungwe la masewero a m'mayunivesite a ku America, mu 2010, ndipo inakhala yokhayo ya kunja kwa America m'bungwe limenelo. Ligi yake ya GNAC itasiya kuyendetsa mpira wa zisoti pambuyo pa nyengo ya 2021, timuyi inakapempha malo ku Lone Star, ligi ya ku Texas, ndipo inasewerako chaka chimodzi chokha. Itauzidwa kuti mgwirizanowo sudzapitirira, sukuluyo inathetsa timu yake mu Epulo 2023, timu imene inalipo kuyambira mu 1965. Shrum Bowl, masewero a pakati pa UBC ndi Simon Fraser amene anayamba mu 1967, anali atangoukitsidwa mu Disembala 2022, pamene UBC inapambana 18 kwa 17, ndipo anafa pomwepo kachiwiri. Mphepo yomweyo imene inaphwasula Pac-12 kumwamba inatsika mpaka kwa ang'onoang'ono, ndipo khomo limodzi lokha la Canada limene linali lotsegukira kummwera ndi limene linasasuka denga. Walira mvula walira matope.

Za makochi sinditaya nazo nthawi. Kalen DeBoer anafikitsa Washington pa masewero olimbirana ukatswiri wa dziko lonse mu Januwale 2024, anagonja kwa Michigan 34 kwa 13, ndipo mlungu usanathe anali atasamukira ku Alabama. Kuno kochi amakalambira pa sukulu imodzi mpaka kuphunzitsa ana a osewera ake akale.

Mnzanga uja ali ndi mwana wina wamwamuna wa zaka 16, wamtali kuposa mlongo wake, ndipo makalata ochokera kutsidya ayamba kale kufika. Anandifunsa maganizo anga tili pa khonde la tchalitchi, ndipo ndinamuuza mosapita m'mbali kuti, "Achimwene, ngati mnyamatayu ali wa NBA, ligi yaikulu ija ya basiketibo, mutsegulireni chipata apite, ine ndidzakhala woyamba kumugulira sutikesi, koma ngati mukufuna digiri, ndiponso mukufuna kumamuona ndi maso anu akusewera, musiyeni kuno." Sanandiyankhe tsiku limenelo. Mlungu wathawu anandiimbira foni kundipempha kuti nyengo ikayamba ndidzawaperekeze, iye ndi mnyamatayo, ku War Memorial Gym ya UBC, akaone okha mmene Lachisanu usiku limakhalira kumeneko.