Hanimuni si mpikisano wa galimoto

Ndakwiya, ndipo ndilankhulira pano chifukwa mwini nkhani sakundimva. Mng'ono wanga wakwatira Loweruka lapitali. Phwando linatha usiku, anakalowa kogona cha m'ma 1 koloko, koma pomwe imakwana 4 koloko m'mawa anali ataliza kale galimoto, ati ulendo wa hanimuni wayambika, adutsa dziko lonse kuchokera kumalire kuno kukafika kumalire uko. Munthu woti sabata yonse wakhala ali yakaliyakali ndi zokonzekera ukwati, wagona maola atatu okha, n'kukagwira chiwongolero. Usiku wake akutitumizira chithunzi monyadira, ati wayenda makilomita 1,100 tsiku limodzi. Chimene sanalembe, chimene tinachimva kwa mlamu akulira pafoni, n'chakuti cha m'ma 3 koloko masana anasinza, matayala awiri n'kutsika paphula, galimoto n'kuyamba kudya miyala ya m'mbali mwa msewu. Chinamudzutsa ndi mfuu ya mkazi wake. Pakanakhala mlatho pamenepo, kapena thiraki yoima, bwenzi tikuchotsa matenti a ukwati n'kumanga a maliro.

Ndiye ndikuti hanimuni si mpikisano. Palibe amene akukudikirani kumapeto kwa msewu ndi chikho. Mwangolumbira kumene kuti mudzasamalana mpaka imfa, ndiye mawa lake lomwelo mukuthamangira kukaiona imfayo? Kuthamanga sikufika, abale.

Ndamuimbira, ati "achimwene musadandaule, ine ndimadzidziwa, tulo tikabwera ndimamva." Bodza lenileni. Tulo ta pachiwongolero sitigogoda pachitseko. Maso amangotsekeka kwa masekondi atatu kapena anayi, mwina osatsekeka n'komwe, koma mutu utazima. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda pafupifupi mamita 28 pa sekondi imodzi. Werengani nokha: masekondi anayi ndi mamita oposa 110, kutalika kwa bwalo la mpira, galimoto ikuyenda yokha popanda dalaivala, mkati muli mwana wa eniake amene mwamutenga dzulo lomweli pamaso pa makolo ake. Ndiye wina azindiuza kuti amadzidziwa?

Ofufuza a ku Australia anaonetsa kalekale mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati woti ali ndi mowa wa mlingo wa 0.05 m'magazi, mlingo umene m'mayiko ambiri ndiwo malire a lamulo kwa woyendetsa. Mng'ono wangayu anadzuka isanakwane 4 koloko, n'kukazimitsa injini cha m'ma 9 usiku. Maola 17 ndendende, pamwamba pa tulo ta maola atatu. Akanati akwere galimoto atanyamula botolo m'manja, tonse tikanamulanda makiyi. Koma poti kuledzera kwake kunali kwa tulo, tinamuimika manja n'kumuuza kuti ayende bwino. Inenso ndinali pomwepo, ndipo n'chifukwa chake zikundiwawa chonchi.

Taonani madalaivala a mathiraki, anthu oti msewu ndiwo munda wawo. M'mayiko a European Union lamulo limati asapitirire maola 9 patsiku akuyendetsa, kupatula kawiri pasabata pomwe angafike maola 10, ndipo akayendetsa maola anayi ndi theka ayenera kupuma mphindi 45. Amenewo ndi akatswiri, olipidwa, ozolowera. Ndiye iwe amene ulendo wako wautali ndi wochoka kunyumba kupita kuntchito, waona kuti ungawapose chifukwa chakuti wavala mphete? Mphete siichotsa tulo.

Ndikudziwa, tchuthi n'chochepa ndipo mahotelo analipiriratu. Basi, nkhani yake ndi yomweyo.

Koma tsono ngati masiku ndi asanu, bwanji osasankha ulendo wokwana masiku asanu? Mapu a pafoni akakuuza kuti maola 11, amakhala akuwerengera galimoto yoti siima, siimwa mafuta, anthu ake sadya, sapita kuchimbudzi, ndipo pamsewu palibe pamene akukonza. Iwe n'kukhulupirira zimenezo, n'kulemba pakapepala kuti tsiku loyamba apa, lachiwiri apo, ngati ukutumiza katundu. Mkazi si katundu. Hanimuni si ntchito yoti uimalize msanga ukapereke lipoti.

Ndamufunsa mlamu kuti mwaonako chiyani m'njiramo. Ati phula, achimwene, phula ndi kumbuyo kwa mathiraki. Anadutsa pa mathithi amene iye ankafunitsitsa kuwaona, bambo ati tachedwa, tidzaona pobwerera. Anadutsa pamalo pokongola pamwamba pa phiri, bambo ati dzuwa litilowera. Chakudya anadyera m'galimoto ikuyenda. Pofika kogona aliyense msana uli gwa, mutu ukuwawa, kungodziponya pabedi ngati matumba. Imeneyo ndi hanimuni kapena chilango? Mwayenda dziko lonse osaona kanthu, ndipo choipitsitsa, osaonana nkhope, chifukwa wina maso ali pamsewu, wina maso ali pa dalaivala kuopa kuti asinzanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wothamanga saona ngakhale nkhonoyo.

Ndipo musandiuze za kutsegula mawindo ndi kukweza wailesi. Zimenezo zimakunamiza mphindi zochepa, kenako tulo timabwerera titakwiya. Khofi naye amatenga mphindi 20 kapena 30 kuti ayambe kugwira, ndipo sabweza tulo timene unataya. Mankhwala a tulo ndi kugona. Ima pamalo abwino, tseka maso, dzuka, pitiriza. Pakatha maola awiri aliwonse tsika, uwongole miyendo kwa mphindi 15. Nthawi ya masana mukangotha kudya ndi ija ya m'bandakucha ndi imene thupi limafuna bedi kwambiri, ndipo mng'ono wangayu anasankha kuyendetsa nthawi zonse ziwirizo tsiku limodzi. Mlamu ali ndi laisensi, amayendetsa bwinobwino, koma sanapatsidwe chiwongolero ngakhale ola limodzi, ati mwamuna ndiye ayendetse pa hanimuni. Umuna wanji wokagwetsa mkazi m'ngalande?

Enanso amene andinyansa ndi inu a m'makomenti. Munthu walemba kuti wayenda makilomita 1,100 atagona maola atatu, inu mukumuikira timoto ndi tizithunzi ta m'manja, ati ndiwe dolo, ati mwamuna weniweni. Palibe ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti kodi wapumako? Ndinu nomwe mukanakhala oyamba kulemba kuti wapita msanga, tinali naye dzulodzuloli. Ndipo kavidiyo kaja munakakonda kwambiri, koonetsa msewu ndi dzuwa likulowa, mwaona kuti anajambula ndani? Mlamu akuoneka m'kavidiyomo, manja ake onse awiri ali pamiyendo. Ndiye foniyo inali m'dzanja la ndani? Dzanja limodzi pachiwongolero, lina likujambula, nyimbo pamwamba, kuti inu musangalale pa Facebook. Lero m'mawa waikanso kena.